"Sindinachite Dala": Tchire Likapsa, Amazimitsa Ndani Ndipo Amalipira Ndani?

Amalume anga amalondera puloti ya munthu wina cha ku Goromonzi, kum'mawa kwa Harare. Mwini wake amakhala m'tauni, amangotulukira Loweruka lina kudzawerenga nkhuku ndi kudzatenga masamba. Chaka china mu Sepitembala amalumewo anaunjika mapesi pakona pa munda n'kuyatsa, monga akhala akuchitira kuyambira ali mnyamata pafamu ya fodya ku Mvurwi. M'mawa umenewo kunali zii, ngakhale tsamba silimagwedera. Dzuwa litakwera mphepo inatembenuka, kamvuluvulu ananyamula khoko loyaka n'kukaliponya mu tsekera wa kuseri kwa waya. Pomwe anthu amafika ndi nthambi zaziwisi n'kuti moto utadya kale mitolo ya udzu wofolera ya mnansi, khola la mbuzi ndi mapaipi akuda othirira dimba. Mwayi wake mbuzizo zinali kubusa.

Madzulo anandiimbira foni. "Mphwanga, iwe unapita kusukulu. Tandiuza, munthu angamangidwe pa chinthu choti sanachite dala?"

"Angamangidwe, amalume," ndinatero. "Angalipitsidwenso."

Anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti mayunitsi atha. Kenako anati, "Nanga aboma anali kuti pomwe timalimbana nawo motowo?"

Mafunso awiri amenewa ndi amene munthu aliyense amafunsa utsi ukatha, ndipo mayankho ake ndi olukanalukana. Tiyambe ndi lachiwirilo.

Muno mu Zimbabwe mulibe gulu limodzi la boma loti tchire likayaka limathamangira kukazimitsa. Udindowo unagawidwa ngati nyama ya pamaliro, aliyense ali ndi kanthuli kake. Bungwe limene dzina lake limamveka kwambiri pawailesi nyengo ya moto ndi EMA, loona za chilengedwe, lomwe linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la Environmental Management Act la 2002. Ntchito yake ndi kuphunzitsa anthu, kuyendera mafamu, kulemba matikiti a chindapusa, kutengera anthu kukhoti ndi kuwerengera malo amene apsa pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti. Mwa kuwerengera kwawoko, zaka zambiri dziko lino limapsa mahekitala oyandikira 1 miliyoni, zaka zina kupitirira, ndipo chigawo cha Mashonaland West sichisowa pamwamba pa mndandanda. Koma a EMA si ozimitsa moto. Akabwera pafamu panu amabwera ndi buku, osati ndi thanki ya madzi. A Forestry Commission amateteza nkhalango za boma, zambiri mwa izo zili kutali ku Matabeleland North. A ZimParks amayang'anira malo awo a nyama, monga paki ya ku Lake Chivero. Apolisi amatsegula doketi. Nthambi ya Civil Protection, yomwe ili pansi pa unduna wa maboma ang'ono ndipo imayendera lamulo la 1989, imasonkhanitsa onsewa zinthu zikafika poipa, ndipo lamulo lomwelo ndi limene limapatsa Pulezidenti mphamvu yolengeza kuti kwagwa tsoka la dziko, monga zinachitikira Mbare Musika itapsa mu Okutobala 2024.

Nanga galimoto zofiira zija? Zimenezo ndi za khonsolo ya mzinda. Zinagulidwira nyumba, mafakitale ndi misika, monga kuja kwa akalipentala ku Glen View Area 8 kumene kwapsa kangapo konse, kapena kumtaya wa Pomona. Zimapitanso kumadambo a m'tauni udzu ukayaka, ku Monavale, m'mbali mwa Mukuvisi kapena ku Cleveland Dam. Koma Goromonzi si Harare. Ili m'chigawo cha Mashonaland East, pansi pa khonsolo ya kumudzi. Mungaone nyali za m'tauni muli pakhonde la puloti yanu, koma pamapu muli kwina. Ngakhale galimoto itanyamuka, moto wa udzu wouma wothamangitsidwa ndi mphepo ya mu Ogasiti, mwezi umene anzathu Achishona amautchula kuti Nyamavhuvhu chifukwa cha mphepo yomweyo, sudikira munthu wochokera mtunda wa makilomita 30.

Olemba malamulo ankazidziwa zimenezi. N'chifukwa chake anausenzetsa katunduyo munthu amene ali pamalopo. Malamulo a 2007, amene a EMA amangowatchula kuti SI 7, amanena kuti mwini malo kapena wogwiritsa ntchito malo ayenera kukonzeratu zotchingira moto, ndipo amaletsa kuyatsa moto panja, kutali ndi nyumba zogona kapena zochitira malonda, kuyambira pa 31 Julayi mpaka pa 31 Okutobala. Zaka zaposachedwapa boma lakhala likuitalikitsa nyengoyi mpaka kumapeto kwa Novembala, poti mvula yayamba kuchedwa. Tamvetsani bwino pamenepa: m'miyezi imeneyi kuyatsako pakokha ndi mlandu kale, ngakhale moto wanuwo usapsereze nkhuku ya munthu. Amalume anali atalakwira lamulo kamvuluvulu uja asanabadwe n'komwe.

Chotchingira moto chenicheni ndi mkwasa wolambulidwa bwino wozungulira malo, umene pamafamu aliyense amangoti fireguard. Muyezo umene a EMA amauza anthu ndi mamita 9 mbali yanu ya malire, mnansi wanunso mamita 9 mbali yake, ndi mamita 4.5 pa mizere ya m'kati yogawa minda ndi mabusa. Asatsalepo udzu, chiputu kapena masamba. Lamulo la nkhalango, Forest Act, limakupatsaninso mphamvu youza mnansi kuti athandizepo pa fireguard ya m'malire mwanu, kaya ndi manja kaya ndi ndalama. Pa pepala n'zomveka. Koma tatengani khasu muyese. Puloti ya mahekitala 6 yokhala ndi mbali zofanana, kuizungulira ndi pafupifupi kilomita imodzi. Mukachulukitsa ndi mamita 9, mupeza kuti mukulambula malo ongotsala pang'ono kukwana hekitala yathunthu, nthaka itauma gwa, popanda chimene mudzakololepo.

Apa m'pamene nkhaniyi imatikhudza ife mwapadera. Agogo athu amene anachoka ku Nyasaland, ena wapansi ena pa malole a Ulere, ambiri anathera m'mafamu a Mashonaland. Ntchito ya fireguard inali yawo: mvula ikangosiya thirakitala imadutsa ndi pulawo m'malire, kenako gulu la amuna limatsatira madzulo kukatentha mkwasawo pang'onopang'ono, ena atabereka mapampu a madzi, ena atagwira zomenyera moto zodulidwa ku malamba akale. Kugawidwa kwa malo kutayamba mu 2000, famu imodzi inasanduka mapuloti makumimakumi, ang'onoang'ono otchedwa A1 ndi okulirapo otchedwa A2. Malire anachuluka, mathirakitala anachepa. Antchito ambiri a m'mafamu, makamaka ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, sanalandire malo. Ena anatsikira ku Epworth ndi ku Hopley, m'mphepete mwa Harare, ena anatsala momwemo n'kukhala olondera mapuloti a anthu okhala m'tauni. Ndiye lero munthu amene akuidziwa bwino ntchito ya moto ndi yemwe alibe thirakitala, alibe ndalama ya dizilo, alibenso dzina pa kalata ya malo. Machesi okha ndiwo ali m'thumba mwake.

Forest Act ili ndi mfundo zina zimene anthu ambiri sazidziwa. Wofuna kutentha tchire pamalo pake, nyengo yololedwa, ayenera kudziwitsiratu anansi onse ogundana naye malire ndiponso apolisi. Moto ukabuka n'kumaopseza moyo kapena katundu, munthu wa cholinga chabwino ali ndi ufulu wolowa pamalo a mwini wake kukazimitsa, angathe kuyatsa moto wina wokakumana nawo kuti uthere panjira, ndipo angathe kuitana anthu amene ali pafupi kuti athandize. Wokana popanda chifukwa chomveka wapalamula. Ineyo mfundo yomalizayi imandivuta. Mu Okutobala 2022 anthu 10 anafera pamodzi ku Esigodini, m'boma la Umzingwane, akuzimitsa moto pafamu. Lamulo limakuitana kuti ubwere, koma silikupatsa nsapato, madzi kapena munthu wodziwa kuwerenga mphepo. Akuluakulu a pafamu ankadziwa kuti moto suutsekera kutsogolo masana, umaumenya cha m'mbali ndi kumbuyo, phazi limodzi lili pa lupsa pomwe papsa kale. Ankadziwanso kuti pachitunda umakwera mothamanga kuposa munthu. Paja amati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndiye iwe usakhale mbali imene kwatsala tchireyo.

Tsopano funso loyamba lija, la kulipira. Mlandu wa moto umalowera makomo awiri, ndipo kutseka khomo limodzi sikutseka linzake.

Khomo loyamba ndi la boma. Kupatula tikiti ya EMA, pali buku lalikulu la milandu, Criminal Law (Codification and Reform) Act, limene limasiyanitsa mitima ya anthu. Gawo 140 ndi la wowononga katundu wa mnzake mwadala, kapena akudziwa bwino kuti chimene akuchitacho chingawononge koma n'kupitiriza. Uyu ndi munthu wotentha munda wa mnzake chifukwa chokangana malire, ndipo kusintha kwa Forest Act kwa mu 2021 kunakhwimitsa zilango za oyatsa dala oterewa. Koma pali gawo 141 lotsatira pomwepo, la munthu amene wawononga kwambiri katundu wa wina chifukwa cha kusasamala. Pamenepo mawu oti "sindinachite dala" sakupulumutsa, amangokuchotsa pa gawo lina n'kukuika pa linzake. Ndipo motowo ukapha munthu, gawo 49 limakudikira: kupha munthu chifukwa cha kusasamala. Wofula njuchi amene anasiya chikuni chikufuka, wodikira kombi m'bandakucha amene anasonkha moto wootha m'mbali mwa msewu n'kukwera osauzima, wotaya kachidutswa ka ndudu pawindo la basi, onsewa palibe amene anafuna kupha, koma onsewa angaimirire m'kabokosi kaja.

Khomo lachiwiri ndi la mnansi wofuna chipukuta misozi. Malamulo a zimenezi sanalembedwe m'buku limodzi. Ndi malamulo a Aroma ndi Adatchi amene dziko lino linatengera ku Cape, ku South Africa, monga analili pa 10 Juni 1891, ndipo akhala akukula ndi zigamulo za makhoti. N'chifukwa chake maloya a ku Harare amatchula kawirikawiri milandu ya ku South Africa. Oweruza athu sakakamizidwa kuitsata, koma amailemekeza. Wotchuka kwambiri pa nkhani ya kusasamala ndi wa Kruger v Coetzee wa 1966, umene sunali wa moto n'komwe, unali wa akavalo amene anatulukira pachipata chosatseka n'kukagundana ndi galimoto. Muyezo umene unatuluka mmenemo ndi wosavuta kuumva. Kodi munthu wanzeru zake, ataima pomwe unaima iwepo, akanaona kuti apa pangachitike ngozi? Akanachitapo kanthu kuti aipewe? Nanga iwe unachita?

Tawayezani amalume ndi muyezo umenewu. Sepitembala, udzu wouma ngati pepala, tsekera wofika m'mapewa kuseri kwa waya. Munthu wanzeru zake akanaona. Akanalambula kuzungulira muluwo, akanaimika ndowa za madzi pafupi, akanaitana anthu awiri atatu, akanadikira madzulo mphepo itagona, kapenanso akanangowasiya mapesiwo. Amalume sanachite chilichonse mwa izi. Amati mphepo inawadzidzimutsa, koma mphepo ya mu Sepitembala siidzidzimutsa munthu amene wakhala zaka 60 ku Mashonaland. Ngozi yeniyeni pamaso pa khoti ndi ija yoti ngakhale wosamala akanalephera kuipewa, monga mphezi kugwera mumtengo wouma. Zina zonsezi zimene timazitchula kuti ngozi pocheza, khoti limazitchula kuti kusasamala.

Komabe nkhani sithera pa wogwira machesi. Wantchito akalakwitsa ali pa ntchito imene anamulembera, bwana wake amasenza nawo mlanduwo, ngakhale pa tsikulo anali ku Borrowdale akumwa tiyi. Kusosa munda ndi ntchito ya wolondera puloti, ndiye mnansi ali ndi ufulu wosumira mwini puloti, ndipo loya aliyense angamulangize kutero popeza ndiye ali ndi kanthu m'thumba. Forest Act nayonso imati wantchito akaphwanya lamulo potsatira zimene wauzidwa, onse awiri angazengedwe mlandu. Zikanakhala zosiyana amalume akanakhala kuti Lamlungu anapita okha kudambo kukafukiza mauna a mbewa. Pamenepo bwana akanasamba m'manja. Za mbewazi ndinenepo pang'ono: utsi ukangooneka anthu amathamangira kuloza Amalawi, ngati kuti mbewa zimene zimagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya Mashonaland timadya tokha. Moto wa m'tchire uli ndi amayi ambiri, okumba golide, otentha makala, oumba njerwa, ofuna msipu watsopano wa ng'ombe.

Nayenso mnansi wodandaulayo amayezedwa. Ngati mbali yake ya malire sanalambule, n'kuunjika mitolo ya udzu pakati pa tsekera, khoti lili ndi mphamvu yogawa kulakwa n'kuchepetsa chipukuta misozi molingana ndi gawo lake. Mulinso msampha wina wa eni malo amene moto wangowadutsa. Mu mlandu wa Minister of Forestry v Quathlamba wa 1973, khoti lalikulu la apilo ku South Africa linanena kuti mwini malo akadziwa kuti pamalo pake pakuyaka moto umene ungafalikire kwa ena, ayenera kuchitapo zimene angathe, ngakhale sanauyatse ndi iye. Kuima pakhonde n'kumati "wachokera uko" si chitetezo. Abale athu ogwira ntchito m'mafamu a ku Limpopo, ku South Africa, adziwenso kuti kumeneko lamulo la 1998 linapita patali: moto ukachokera pamalo pako, khoti limayamba ndi kuganiza kuti unali wosasamala, ndipo zili kwa iwe kudziyeretsa, pokhapokha ngati uli m'bungwe la alimi loteteza moto la m'deralo. Kuno ku Zimbabwe, mwa nthawi zonse, wosuma ndiye amabweretsa umboni. Pa moto umboni umapsera limodzi ndi udzu, ndiye wopsereredwa ajambule zithunzi tsiku lomwelo, asunge malisiti a mapaipi ndi feteleza, akanene kupolisi, ndipo alembe maina a anthu amene anaona kumene utsi unayambira. Phulusa limanena zoona masiku awiri okha, likapondedwa ndi ng'ombe basi.

Ana akayatsa posewera, malamulo a kukhoti salipitsa kholo chifukwa chongokhala kholo, pokhapokha litasasamala lokha, monga kutuma mwana wamng'ono kukatentha zinyalala. Kwa sabhuku, amene ndi nyakwawa ya mudzi, ndi kwa mfumu n'kosiyana. Kumeneko mlandu wa mwana ndi wa pakhomo, ndipo mbuzi imatuluka m'khola. Mafumu ali ndi udindo woteteza chilengedwe pansi pa Traditional Leaders Act, ndipo mabwalo awo amaweruza za chipukuta misozi, koma sangatsekere munthu m'ndende kapena kutseka doketi ya apolisi.

Kodi boma lenilenilo lingasumiridwe? Inde. Moto ukachokera pamalo a boma chifukwa cha kusasamala kwa antchito ake, State Liabilities Act imalola kusuma, bola upereke chidziwitso cholembedwa masiku 60 usanakatule nkhaniyo kukhoti. Khonsolo nayo imasumiridwa m'dzina lake. Chovuta ndi mlandu woti "anachedwa kubwera" kapena "anabwera madzi n'kuwathera". Uyenera kuonetsa kuti lamulo limawakakamiza kukutetezera iweyo, kuti akanatha kuchita bwino ndi zipangizo zimene anali nazo, ndiponso kuti akanafika msanga katundu wako akanapulumuka. Phiri limeneli ndi lalitali, ndipo munthu wa ku Hopley amene wapsereredwa kanyumba alibe ndalama ya loya wolikwera. Njira yachidule imene ambiri saidziwa ndi yakuti woyatsa moto akapezeka wolakwa pa mlandu wa boma, wopsereredwa angapemphe majisitireti yemweyo kuti alamule chipukuta misozi, osayambanso mlandu wina. Wofuna kusuma payekha ali ndi zaka 3, zikadutsa ngongoleyo yafa. Ndipo amene ali ndi inshulansi musaganize kuti wakukhululukirani: kampani ikamulipira, imatenga malo ake n'kubwera kwa inu.

Ndinawauzanso amalume chinthu chimodzi chimene chinawadabwitsa kuposa zonsezi. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013, pa gawo 6, amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo gawo 70 limapatsa woimbidwa mlandu ufulu womasuliridwa zonse m'chilankhulo chimene akumva. Amalume Chishona amalankhula, koma cha pamsika. Pa mlandu umene kusiyana kwa "ndinadziwa" ndi "ndikanadziwa" kungasinthe gawo limene akukuzengera, si nzeru kuyankha m'chilankhulo chobwereka chifukwa cha manyazi.

"Ndiye kuti ndikanene kuti ndikufuna womasulira wa Chinyanja?" anafunsa.

"Mukanene, amalume. Si kupempha chifundo, ndi zanu."

Sizinafike kumeneko. Mnansi uja anasankha kupita kwa sabhuku, ndipo anakhala pansi pa mtengo Loweruka lotsatira, mwini puloti atabwera ndi nkhope yokwinya. Poyamba anati iye sanatume munthu kuyatsa moto. Sabhuku anamufunsa kuti fireguard ya puloti yake ili pati kuti anthu akaione, ndipo nkhani inafupika. Iye anagula mapaipi ndi mitengo ya khola. Amalume analonjeza kubweza udzu, ndipo Juni wotsatira anathera m'dambo ndi chikwakwa, kumweta mitolo 40 ya mwini wake asanamwete wofolera kakhitchini kawo. Mapesi masiku ano amawakokera ng'ombe za mnansi yemweyo, iye n'kumawapatsa ngolo ya manyowa. Za thirakitala yolimira malire, bwanayo akuti aona chaka chamawa.